NZERU ZOBISIKA: MBIRI YA ZIRAPI NDI ZITHUNZI ZOBISA MAU

Nkhani yathu ya lero ikukhudza maseŵera amene ambiri a ife timawayesa achibwana, koma amene mbiri yake ndi yakale kuposa ufumu uliwonse umene tikuudziŵa m'dziko muno. Ndikunena maseŵera obisa chinthu kuti mnzako achifune ndi nzeru zake.

Masiku ano ana athu amatumizirana pa lamya za m'manja zithunzi zojambulidwa mochenjera. Poyamba munthu amangoona msika, kapena banja likudya pakhonde. Koma pansi pake pamalembedwa kuti m'chithunzimo mwabisika mau asanu ndi limodzi, ndipo ukapenyetsetsa umapezadi kuti makwinya a nsalu, nthambi za mtengo ndi ming'alu ya khoma zapangana kulemba malembo. Mauwo amakhala a Chingerezi pafupifupi nthaŵi zonse. Chifukwa cha ichi achinyamata ena amaganiza kuti luso lotere linabwera ndi Azungu, monga zinabwerera njinga ndi machesi. Ine ndikuti ai. Azungu anabweretsa pepala ndi makina osindikizira, koma chizoloŵezi chobisirana ndi kufunafuna anatipeza nacho. Kuti tione bwino zimenezi, tiyeni tikwere mtunda tipite ku Chitipa.

Boma limeneli lili kunsonga kwenikweni kwa dziko lathu, lapanikizika pakati pa Tanzania ndi Zambia. Kumpoto malire ake ndi mtsinje wa Songwe. Mbali ya Zambia kuli mapiri a Mafinga. Ndipo cha kuvuma kuli mapiri a Misuku, kumene kuli nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, ndiponso minda ya khofi ndi nthochi. Kalembera wa chaka cha 2018 anaŵerenga anthu 234,927 m'boma lonseli. Anthuwo ndi ochepa poyerekeza ndi maboma a pakati ndi kumwera, komabe palibe boma lina m'Malaŵi limene lili ndi zilankhulo zambiri ngati ili. Kuli Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba, Chitumbuka, ndi zina. Ndipo pamsika Chiswahili ndi Chicheŵa zimamvekanso.

Kuchuluka kwa zilankhuloku kuli ndi mbiri yake. Katswiri wa mbiri yakale, Owen Kalinga, anafotokoza za ufumu wa Mwaulambya, umene unakhazikika cha ku Ifumbo zaka pafupifupi mazana anayi zapitazo, ndiponso za Msukwa wa kumapiri a Misuku ndi Kameme wa kumpoto chakumadzulo. Andali anaoloka Songwe kuchokera kumapiri a kwao ku Tanzania. Dera lonseli linali njira ya anthu oyenda pakati pa nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo n'chifukwa chake Azungu atafuna kulumikiza nyanja ziŵirizi anadutsitsa momwemo mseu wa Stevenson, umene ntchito yake inayamba m'chaka cha 1881 kuchokera ku Karonga, ndi ndalama za James Stevenson wa ku Glasgow. Pambali pa mseu umenewu m'pamene panamangidwa boma la Fort Hill, limene linasinthidwa dzina kukhala Chitipa dziko litalandira ufulu. Pamphambano pamakumana anthu, ndipo anthu akakumana sasinthana mchere ndi makasu okha. Amasinthananso nthano, nyimbo ndi zirapi.

Umboni wake uli m'mau oyambira maseŵerawo. Mwana wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akafuna kuponya chirapi amati, "Chirape!" ndipo anzake amavomera kuti, "Nachize!" Ena amati, "Ndagi!" nayankhidwa kuti, "Gize!" Mbemba amati, "Cho!" anzake n'kuti, "Chise!" Mswahili amati, "Kitendawili!" anzake n'kuti, "Tega!" ndiko kunena kuti tchera msampha wakowo. Tsono tamvetsetsani mau atatu aja, chize, gize ndi chise. Onse akutanthauza kuti chibwere. Koma ife Acheŵa kubwera timati kudza. Amene amati kwiza ndi Atumbuka, ndipo Abemba amati ukwisa. Mwana wa ku Dedza akamafuula kuti "Nachize!" pakamwa pake pamatuluka liu limene abale ake a kumpoto angalizindikire msanga kuposa iye mwini. Kwa ine ichi chikuonetsa kuti maseŵeraŵa akhala akuyenda kuchokera mtundu ndi mtundu kuyambira kalekale, osapempha chilolezo kwa mfumu iliyonse.

Malamulo ake ndi ofanana pafupifupi ponseponse. Nthaŵi yake ndi madzulo, anthu atadya, makamaka m'chilimwe zokolola zitaloŵa m'nkhokwe. Akuluakulu ankaletsa zirapi masana, naopseza ana ndi zoopsa zosiyanasiyana, koma chifukwa chenicheni n'chosabisika: masana ndi a khasu, mtondo ndi ubusa. Wolephera kumasulira amalipira, ndipo malipiro ake ndi a pakamwa chabe: amapereka ng'ombe zimene alibe, kapena mudzi umene si wake. Kwa Aswahili amapereka mzinda, ndipo woponya chirapi ali ndi ufulu wokana mzinda umene sakuufuna kufikira atampatsa womkomera. Mwana wosauka, wopanda ngakhale nkhuku, amatha kugona usiku umenewo ali mwini khola lodzaza. Ku Chitipa, kumene ng'ombe ndi chuma chenicheni cha banja, nthabwala imeneyi imakoma koposa.

Chirapi ndi chithunzi chojambulidwa ndi mau. Tikati "nyumba yopanda khomo", tajambula nyumba m'maganizo a womvera kuti maso ake a mumtima ayang'ane kumudzi, pamene yankho, dzira, lili m'chisa. Tikati "phiri lokwera ndi zikhadabo", timamtumiza ku Mulanje pamene nsima ili patsogolo pake. Ndi mmenenso amachitira wojambula zithunzi za pa lamya zija: amakuonetsa msika kuti usaone malembo.

Pali chinyengo china chimene ndinachizindikira bwino pamene ndinkaphunzira zauphunzitsi, titafika pa phunziro la magulu a maina. M'zilankhulo zathu dzina lililonse limakoka mau otsatira kuti agwirizane nalo. Timati dzira lagwa, nsima yapsa, chingwe chaduka, utsi wakwera. Motero woponya chirapi akangoti "lagwa" kapena "chaduka", waulula kale gulu la dzina limene akubisa, ndipo mwana wochenjera wataya kale mayankho ambiri osayenera. Makolo athu anaona msampha umenewu, ngakhale sanaphunzire malamulo a chilankhulo m'kalasi. N'chifukwa chake zirapi zambiri zimayamba ndi liu loti "kanthu": kanthu aka, kanthu kanga. Kanthu kamameza dzina lililonse, kaya njovu kaya nyerere, ndipo mau onse otsatira amangoti ka, ka, ka, osaulula kanthu. Abemba nawonso amachita chimodzimodzi ndi liu lao loti akantu. Mzungu safunika chenjerero limeneli, pakuti chilankhulo chake chilibe magulu otere. Ili ndi luso lathulathu, lobadwa m'mafupa a zilankhulo zathu.

Zirapi zinayamba kulembedwa m'mabuku mochedwa. R. Sutherland Rattray, amene anagwirapo ntchito ku African Lakes Corporation, anasindikiza buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja m'chaka cha 1907, ndipo anaikamo zirapi. Ernest Gray anasindikiza zirapi za Anyanja m'magazini ya Bantu Studies m'chaka cha 1939. Mwa ife eni, malemu Steve Chimombo wa ku Chancellor College anazisanthula mozama, ndipo buku lake la Malawian Oral Literature linatuluka m'chaka cha 1988. Onseŵa anagwira ntchito yotamandika, koma mwaona kuti cholembera chinatsata chilankhulo chachikulu. Tibwererako ku mfundo imeneyi.

Tsono pali mtundu wina wa maseŵeraŵa umene sufuna kulota yankho koma kuŵerengera. Tiyerekeze kuti munthu wafika padooko la Songwe madzi atadzaza, ali ndi fisi, mbuzi ndi dengu la chimanga. Bwato lake ndi laling'ono, lotha kunyamula iye ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya fisi ndi mbuzi, mbuzi yatha; akasiya mbuzi ndi chimanga, chimanga chatha. Aoloka bwanji? Ambiri a inu mukudziŵa: ayambe waolotsa mbuzi, abwerere yekha, aolotse fisi, abwerere ndi mbuzi, aisiye natenga chimanga, abwerere yekha, potsiriza aolotse mbuzi. Maulendo asanu ndi aŵiri. Chinsinsi chake chili pa ulendo wachinayi, pamene munthuyo amabweza chinthu chimene anaolotsa kale, ndipo anthu ambiri amakanika pomwepo chifukwa mtima sufuna kubwerera m'mbuyo.

Funso limeneli linalembedwa ku Ulaya cha m'ma 800, m'buku la mafunso oposa 50 onolera nzeru za achinyamata, limene amati analemba ndi Alcuin wa ku York, mphunzitsi wa kunyumba ya mfumu Charlemagne. M'menemo muli mmbulu, mbuzi ndi kabichi. Koma limapezekanso m'madera ambiri a Africa, ndipo mayi wina wodziŵa masamu wa ku America, Marcia Ascher, anafanizira mitundu yake m'chaka cha 1990. Mtundu umene umandigwira mtima ine ndi wa Aila a ku Zambia, okhala m'zigwa za Kafue, umene Edwin Smith ndi Andrew Dale anaulemba m'buku lao la 1920. Kumeneko munthu uja ali ndi zinthu zinayi: nyalugwe, mbuzi, khoswe ndi dengu la mapira. Tayesani nokha. Akayamba ndi mbuzi, khoswe adya mapira. Akayamba ndi mapira, nyalugwe agwira mbuzi. Akayamba ndi nyalugwe, mbuzi ndi khoswe agwirizana padengu. Akayamba ndi khoswe, mbuzi yaphedwa. Njira palibe. Kuti aoloke ayenera kutaya nyalugwe kapena khoswe, kuti zitsale zitatu. Ndipo nkhaniyo imati munthuyo ataganizira, anaona kuti nyama zonsezo zinali ngati ana ake, choncho analeka ulendowo.

Mphunzitsi wa masamu angathe kunyansidwa ndi yankho lotere, koma ine ndimaliona lakuya kuposa la Alcuin. Amene analipeka anayamba waŵerengera njira zonse zinayi napeza kuti n'zotsekeka, ndiye kuti masamu ankawadziŵa. Atatero anatembenuza funso la masamu kukhala funso la umunthu.

Masamu obisika m'nthano ndi akale zedi. Ku British Museum kuli gumbwa lolembedwa ndi mlembi wa ku Egypt dzina lake Ahmes cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, limene Alexander Henry Rhind anagula ku Luxor m'chaka cha 1858. M'menemo muli nyumba 7, amphaka 49, mbeŵa 343, ngala za tirigu 2,401 ndi miyeso ya tirigu 16,807, zonse pamodzi 19,607. Mlembiyo ankaphunzitsa kuchulukitsa ndi 7, koma anadziŵa kuti mwana amakumbukira mphaka kuposa nambala.

Nanga zithunzi zenizeni, zooneka ndi maso? Kungodutsa malire a Chitipa kuloŵa m'Zambia, kupyola Isoka, munthu amafika ku Chinsali. Kumeneko m'chaka cha 1931 Audrey Richards anaonerera chinamwali cha atsikana cha Abemba chotchedwa chisungu, ndipo buku lake lofotokoza mwambowo linatuluka m'chaka cha 1956. Anapeza kuti anamkungwi, amene kumeneko amatchedwa banacimbusa, amaumba tizifanizo ta dothi ndi kujambula zithunzi pakhoma la nyumba. Zimenezi amazitcha mbusa. Chilichonse chili ndi dzina, nyimbo yake, ndi tanthauzo la pamwamba limene aliyense angaone. Koma pansi pake pali tanthauzo lina limene namwali amauzidwa pang'onopang'ono, ndipo lina amadzalimvetsa atakula. Sindidzamasulira chilichonse cha izi pa wailesi, pakuti eni ake anazibisa ndi cholinga. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti chithunzi chobisa mau chinali sukulu ya makolo, yokonzera munthu banja ndi moyo.

Kwathu kuno chitsanzo chachikulu chili ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zofiira ndi za Akafula. Zoyera zambiri ndi za Acheŵa, zina za chinamwali, zina za gule wamkulu. Mlendo amaona buluzi kapena nyama ya miyendo inayi. Wometa amaŵerenga zina. Ndipo kutali kumadzulo, Achokwe a ku Angola ndi Zambia amadinda timadontho pamchenga ndi nsonga za zala, kenaka n'kuzunguliza mzere umodzi pakati pa timadonthoto osanyamula chala, uku akusimba nthano kapena kuponya chirapi. Zojambulazo amazitcha sona. Paulus Gerdes wa ku yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Mozambique anatha zaka zambiri akuonetsa masamu amene ali m'mizere imeneyi, ndipo UNESCO inazivomereza m'chaka cha 2023.

Ngakhale kulemba kwenikweniko kunabadwa m'maseŵera otere. Pa mwala wina wosemedwa wa ku Egypt, wa zaka pafupifupi 5,000, dzina la mfumu Narmer linalembedwa ndi zithunzi ziŵiri: mlamba ndi tchizulo chosemera. Sikuti mfumuyo inali msodzi kapena mmisiri. M'chilankhulo chao mlamba unkatchulidwa nar, tchizulo n'kumatchulidwa mer, ndipo woŵerenga ankayenera kuiŵala nsomba ndi chitsulo, n'kungomva maliu ake. Ifenso tingathe kutero. Jambulani chipata, mulembe "la" patsogolo pake: mwalemba chipatala. Jambulani khutu ndi "la" yemweyo: mwalemba khutula. Jambulani maso aŵiri ndi "ka": mwalemba masoka. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amene alibe mabuku okwanira ali ndi chida apa chimene sichifuna ndalama, koma choko ndi bolodi basi.

Za maseŵera a m'manyuzipepala ndidutsapo mofulumira, popeza mbiri yake ndi yaifupi. M'chaka cha 1892 magazini ya ku Germany yotchedwa Fliegende Blätter inasindikiza chithunzi chimene ena amaona bakha, ena kalulu. Pa 21 December 1913 Arthur Wynne, mbadwa ya ku Liverpool, anaika m'nyuzipepala ya New York World timabokosi todzazamo mau opingasana. Buku loyamba la maseŵeraŵa linatuluka m'chaka cha 1924, ndipo nyuzipepala ya The Times ya ku London, imene poyamba inkawanyoza, inagonja niyamba kuwasindikiza m'chaka cha 1930. Magazini ya ana ya ku America yotchedwa Highlights inayamba m'chaka cha 1946 ndi tsamba la zinthu zobisika m'chithunzi. Ndipo m'chaka cha 1968 Norman Gibat wa ku Oklahoma anasindikiza bwalo la malembo osakanizika lofunamo mau, limene aphunzitsi a kumeneko analikonda nalifalitsa.

Amene anayesapo kukonza timabokosi totere m'Chicheŵa akudziŵa kuti chilankhulo chathu chili ndi khalidwe lake. Liu lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u, kotero kuti mzere wotsiriza wa bwalo umavuta kulumikiza. Maphatikizo monga nkh, ntch ndi mph amadya timabokosi titatu kapena tinayi pa kamvekedwe kamodzi. Ndiye pali kachizindikiro ka m'mwamba kaja: mukakasiya, ng'oma yoimba isanduka ngoma ya m'tchire ya nyanga zopotana. Palinso mau amene pepala silitha kuwasiyanitsa koma khutu lokha. Mtengo womera ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi. Khungu la thupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso. Chimawalekanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liu. Pamenepa wailesi imaposa nyuzipepala.

Koma m'malo mwake chilankhulo chathu n'chokoma pobisa liu pakati pa mau aŵiri. Ndikati, "Tenga lumo," mwamva za kumeta. Koma lumikizani mapeto a liu loyamba ndi chiyambi cha lachiŵiri, mupeza galu. Ndikati, "Kuba khasu n'kulakwa," bakha wabisala m'menemo. M'liu loti menyani muli nyani. Ndipo m'liu limene tinaliimbira kwambiri m'chaka cha 1964, ufulu, mwakhala fulu, nyama yoyenda pang'onopang'ono. Za ichi aliyense aganize yekha.

Tsopano yesani kumasulira "Tenga lumo" m'Chingerezi kapena m'Chilambya. Lumo lidzaoloka, koma galu adzatsala tsidya lino. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chirapi cha dzira chingayende kuchokera ku Nsanje mpaka ku Mbeya osataya kanthu, chifukwa dzira ndi dzira kulikonse. Koma maseŵera okhala m'kamvekedwe ka mau amakhala ndi moyo m'chilankhulo chao chokha, ndipo chilankhulocho chikaleka kulankhulidwa pamoto madzulo, amafa osasiya manda.

Chaka chomwe chija cha 1968, m'mwezi wa September, msonkhano waukulu wa chipani cha Malaŵi Congress umene unachitikira ku Lilongwe unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chicheŵa, ndi kuti chikhale chilankhulo cha fuko lonse pamodzi ndi Chingerezi. Chitumbuka, chimene amishoni a Livingstonia anachifalitsa m'masukulu ndi m'matchalitchi a kumpoto, chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 kuti liyang'anire kalembedwe ndi kalankhulidwe. Chigamulocho chinapatsa dziko chilankhulo chimodzi chomvanirana, ndipo ndi chifukwa chake ine ndikutha kulankhula nanu nonse lero. Komabe mtengo wake sunagaŵidwe mofanana. Taganizirani mwana wa ku Misuku m'zaka zimenezo. Kunyumba amalankhula Chisukwa. Kutchalitchi amamva chilankhulo china. M'kalasi akumana ndi Chicheŵa. Mayeso akulu alemba m'Chingerezi. Pa phunziro la Chicheŵa afunsidwa kumasulira zirapi ndi miyambi imene mnzake wa ku Kasungu anaiyamwira kubere. Akakanika, m'kaundula mulembedwa kuti ndi wofooka, chonsecho madzulo a tsiku lomwelo mwana yemweyo akulanda anzake ng'ombe zonse za pakamwa m'chilankhulo cha amake, ndipo akutha kutsatsa malonda m'zilankhulo zitatu.

M'buku la Oweruza, mutu 14, muli nkhani yofanana ndi imeneyi. Samson anaponyera chirapi anyamata 30 a Afilisti paphwando la ukwati wake, nawapatsa masiku asanu ndi aŵiri, pa chikole cha zovala. Koma yankho lake linali chinthu chimene anachiona iye yekha panjira, njuchi zitaika uchi m'mtembo wa mkango umene anapha. Panalibe nzeru imene ikanawafikitsa pa yankho limenelo. Anyamatawo anaopseza mkazi wake kuti awaululire, ndipo mapeto ake anali imfa ya anthu 30 ku Ashkelon ndi kutha kwa ukwati. Ine ndimaiŵerenga nkhaniyi ngati chenjezo kwa aliyense wokonza mafunso oyesera anzake, kaya ndi mphunzitsi, kaya wolemba anthu ntchito, kaya ife a pa wailesi: funso limene yankho lake likudziŵika kwa a m'nyumba mwako okha limayesa kumene munthu anabadwira, nzeru zake n'kuzisiya osaziyesa.

Zinthu zinasintha pambuyo pake. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi m'chaka cha 1994, ndipo m'zaka zotsatira kunabwera nkhani za m'Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga. M'chaka cha 1996 Chichewa Board inaloŵedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi, yoyang'anira zilankhulo zonse za m'dziko, ndipo bungweli linachita kafukufuku wa zilankhulo za chigawo cha kumpoto m'chaka cha 2006. Robert Botne wa ku Indiana anasindikiza mabuku a malamulo ndi mau a Chindali cha ku Malaŵi m'chaka cha 2008. Atikonda Mtenje anafanizira Chisukwa, Chindali ndi Chilambya pa maphunziro ake a udokotala ku Cape Town m'chaka cha 2016, naonetsa kuti zitatuzi n'zapachibale kwambiri. Ntchito zoterezi zimasunga mafupa a chilankhulo. Koma zirapi, nthabwala ndi mau okuluŵika zili m'kamwa mwa agogo, ndipo madzulo ambiri tsopano adzukulu amakhala atazungulira lamya, akufuna mau a Chingerezi m'nthambi za mtengo wojambulidwa kutsidya la nyanja. Sindikuwadzudzula anawo, akuchita chimene agogo ao ankachita, ndi zipangizo zimene apatsidwa.

Pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi, abusa, ndi ana a sukulu a kwa Mwaulambya, kwa Mwenemisuku, kwa Kameme, kwa Mwenewenya ndi ku Nthalire. Khalani pansi ndi achikulire a m'mudzi mwanu, muwapemphe zirapi. Lembani chilichonse m'chilankhulo chimene chanenedwera, monga momwe chatulukira pakamwa, osachikonza. Pansi pake mulembe tanthauzo lake m'Chicheŵa, yankho lake, ndi mudzi umene mwachimva. Musaiŵale mau oyambira ndi ovomera, ndiponso chimene wolephera amalipira kwanuko. Chikakhala chirapi chokana kumasuliridwa, chimenecho ndicho tikuchifuna koposa. Fotokozani pamene pali msampha wake. Tumizani makalata anu kuno ku wailesi, ndipo tidzawaŵerenga m'zilankhulo zao zomwezo. Omvera a m'maboma ena, nanunso khomo n'lotsegula.

Podikira makalatawo, nayi ntchito yanu ya sabata ino. M'ziganizo zisanu izi mwabisala zamoyo zisanu, chimodzi m'chiganizo chilichonse, pamalo pokumana mau aŵiri. Ndiŵerenga pang'onopang'ono, tengani pensulo.

Mlenje uja wadumpha kamtsinje.

Mtengo wagwa penapake.

Iwe wasankha ngati mwana.

Funso limeneli mwafunsa tonse.

Khotera kumanja, tikakumana kudambo.

Chimodzi ndi choŵeta, chimodzi chili ndi nthenga, chimodzi chilibe miyendo, ndipo ziŵiri zili ndi ziboda. Mayankho mudzawamva sabata yamaŵa, nthaŵi ngati yomweyi. Wolephera akonzeretu ng'ombe zake.